TSOKA ILI LINANUNKHA

Makolo athu amati tsoka silinunkha. Mwambiwu timaukonda pamaliro chifukwa umatonthoza. Koma ine ndikuona kuti alipo matsoka ena amene amanunkha, anthu n'kutseka mphuno mwadala. Limodzi mwa matsoka otere ndi ngozi ya ndege ya Ethiopian Airlines, kampani yomwe ndege zake zimateranso kwathu kuno.

Lamulungu m'mawa pa 10 Malichi 2019, ndege ya mtundu wa Boeing 737 MAX inanyamuka ku Addis Ababa kupita ku Nairobi. Patangotha mphindi 6 inagwa chamutu pafupi ndi tauni ya Bishoftu. Anthu onse 157 anafera pomwepo. Ndegeyo inali yatsopano, isanathe ndi theka la chaka lomwe.

Nanga chinavuta n'chiyani? Kampani ya Boeing ya ku America inali pa mpikisano ndi ya Airbus, imene inali itapanga ndege yosamwa mafuta ambiri. Poopa kutsalira, a Boeing anatenga ndege yawo yakale n'kuikapo mainjini akuluakulu. Mainjiniwa ankachititsa kuti nthawi zina ndege idzutse mutu mopitirira. Ndiye anaika m'kompyuta ya ndegeyo dongosolo lotchedwa MCAS, loti lizikankhira mutuwo pansi palokha. Dongosololi linkamvera kachipangizo kamodzi kokha koyeza m'mene ndege yapendekera. Kachipangizoka kakanama, ndege inkangoweramira pansi mobwerezabwereza, oyendetsa akulimbana nayo. Choipitsitsa n'chakuti MCAS sanaifotokoze m'mabuku a oyendetsa ndege. Ankafuna kuti ogula asaone chifukwa chotumizira oyendetsa awo ku maphunziro ena odya ndalama.

Fungo la tsokali linamveka kale. Pa 29 Okutobala 2018, ndege ya mtundu womwewu ya Lion Air inagwera m'nyanja ku Indonesia patangopita mphindi 13 chinyamukire, ndipo anthu 189 anafa. Pambuyo pake bungwe la boma la America loona za ndege, FAA, linawerengetsa kuti ngati vutoli silikonzedwa, ngozi zina 15 zikhoza kudzachitika m'zaka za m'tsogolo. Komabe ndegezo sanaziimitse. Anangotumiza malangizo kwa oyendetsa, ati akonza pambuyo. Miyezi isanu isanathe, maliro anagwa ku Ethiopia.

Ena amati oyendetsa nawo analakwitsa. N'zoona kuti akatswiri a ku America ndi ku France anapeza kuti anasiya mainjini pa mphamvu yaikulu, ndege n'kumathamanga kwambiri. Koma tafunsani, owerenga anzanga: kodi wogulitsa njinga yopanda mabuleki angadzudzule wokwera kuti sanatsitse mapazi msanga? Oyendetsa aja anali ndi mphindi zochepa chabe. Kampani inali ndi zaka.

Ngozi yachiwiriyi itachitika, maiko analetsa ndege zonse za mtunduwu, ndipo ku America zinakhala pansi miyezi 20. Mu Januwale 2021 a Boeing anavomera kuti antchito awo awiri ananamiza FAA, ndipo analola kulipira madola 2.5 biliyoni. Kuthamanga sikufika: ndalama zimene ankateteza zinapitabe, ndipo anthu 346 sadzabwerera.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amangoti chinali chifuniro cha Mulungu, kapena kuti nthawi yawo inakwana. Mawu otere amatonthoza ofedwa, koma amabisanso olakwa. Si Mulungu amene anachotsa MCAS m'mabuku muja. Munthu wophwanya lamulo lachisanu ndi chitatu angathe kuphwanyanso lachisanu, osagwira mpeni ayi.

Anzanga, mawa ena a ife tidzakhala ndi udindo pa miyoyo ya anthu, kaya pa parishi, pa sukulu kapena kwina kulikonse. Tsiku lina tidzadziwa choonadi chimene kuchinena kudzatitayitsa ndalama kapena mbiri. Tidzanene msanga, pasanagwe maliro.

Wophunzira wa Fomu 3