Chiphaso cha Malonda Si Chiphaso Cholanda Anthu Tulo

Aliyense woyenda madzulo pa msewu wochokera ku Zomba kunka ku Liwonde adzionera yekha mmene Songani, Domasi ndi Malosa zasinthira. Pamene panali bwalo la nyumba tsopano pali mipando, chiwaya cha tchipisi, kanyenya pamakala ndi mabotolo. Malondawo sitikutsutsana nawo ayi, pakuti munthu wodya thukuta lake ndiye amene Boma ndi Chipani zimamnyadira. Chimene tikukana ndi zokuzira mawu zimene eni malowa amatulutsa panja, nazilozetsa ku nyumba za anzawo kufikira tambala woyamba.

Tisaiwale kuti Domasi si malo wamba. M'busa Alexander Hetherwick adatsegula mishoni kuno m'chaka cha 1884, ndipo mu 1929 kudabwera sukulu ya Jeanes yosula aphunzitsi. Lero kuli Malawi Institute of Education, kumene amakonza maphunziro a ana a dziko lonse lino, ndiponso Domasi College of Education, kumene kumachokera aphunzitsi a sekondale. Kodi si zamanyazi kuti m'chigwa chotere mwana wa Folomu 4 azilephera kuwerenga usiku, chifukwa bambo wina afuna kumva nyimbo pamene akutafuna nyama? Nanga mayi wolawirira kumunda wa mpunga agone nthawi yanji? Nanga wodwala?

Makolo athu sadali odana ndi chisangalalo. Mowa ankaphika, ng'oma zinkalira, koma mfumu inkadziwa, ndipo m'mudzi mukagwa zovuta ng'oma ija inkapachikidwa. Lero anamfedwa ali pasiwa, kutsidya kwa mpanda nyimbo zili wawawa, ngati kuti wamwalirayo ndi nkhuku. Mwambo woterewu tautenga kuti?

Eni malowa ali ndi mayankho awiri. Loyamba ndi lakuti uno ndi ufulu umene tidaupeza mu 1994. Inde, malamulo aakulu a dziko lino amalola munthu kuchita malonda, koma palibe ndime imene imati ufulu wa mmodzi umeze tulo ta mudzi wonse. Lachiwiri ndi lakuti matchalitchi ndi mizikiti nayonso ili ndi zokuzira mawu. Kuitanira anthu ku mapemphero kwa mphindi zowerengeka sikungafanane ndi phokoso la usiku wonse. Komabe mpingo umene umachezera ndi masipika pakati pa nyumba za anthu nawonso utsitse. Kulakwa kwa mnzako sikukuyeretsa iwe.

Tsono tibwere kwa ife eni ake, atsogoleri a Chipani ndi ogwira ntchito m'Boma, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidapatsa makhonsolo mphamvu zopanga malamulo a m'madera awo, ndipo ziphaso za malo odyera ndi omwera zimachokera ku khonsolo komweko. Mphamvu zilipo. Chosowa ndi munthu wozigwiritsa ntchito. Chifukwa chake nchosabisika: mwezi ukatha, amene akhala pamipando ija nakuwa kuti akweze nyimbo kawirikawiri ndife amene, ndipo ena mwa malowa ndi athu kapena a alamu athu. Mayi wokalamba akadandaule kwa yani, pamene wapampando wa nthambi ndiye wakhala kutsogolo kwa sipika? Anthu sayankhula, koma amaona, ndipo tsiku lovota sagona.

Khonsolo ya boma la Zomba ikhazikitse ora lozimitsira nyimbo m'malo okhala anthu, ndipo oralo lilembedwe pa chiphaso penipeni. Zokuzira mawu zibwerere m'kati mwa nyumba. Wodya panja adye, koma mwakachetechete. Chiphaso chisanaperekedwe kapena kuwonjezedwa, anyakwawa ndi mabanja oyandikana ndi malowo ayambe afunsidwa. Wochenjezedwa kawiri osamva alandidwe chiphaso, ngakhale atavala nsalu ya Chipani kuyambira kumutu mpaka kumapazi.