Makutu Sakalamba



Sabata ino ndayamba ndi funso: kodi mudamvetsera liti nyimbo mpaka phewa n'kugwedezeka lokha? Ambiri a ife tidakula wayilesi ili imodzi yokha, ya MBC. Tinkasinja ndi kusesa uku tikumvera gitala la Daniel Kachamba wa ku Chileka, banjo ya Allan Namoko ndi nyimbo za Alleluya Band ya ku Balaka. Koma titalowa m'banja, ntchito zidatichulukira, ndipo makutu athu adangotsala a uthenga wa maliro ndi mitengo ya chimanga.

Ine kuno ku Area 47 ndidafika podana nazo nyimbo zamakono. Phokoso la ku Bwandilo usiku lidandichititsa kuganiza kuti zonse n'za kumowa. Mwana wanga wamkazi akatsegula nyimbo pa foni, ndinkakalipa kuti, "Iwe, tseka zimenezo!" Mapeto ake adagula timawaya ta m'makutu. M'nyumba mudakhaladi bata, koma mwana uja adasiya kucheza nane, ndipo zimene ankamva sindinkazidziwanso.

Tsiku lina tikusankha nyemba, adandipatsa kawaya kamodzi nati, "Amayi, tamvani agogo awa." Anali a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930, akuimba ndi Patience Namadingo. Awiriwa adajambula limodzi mu 2020, ndipo nyimbo ya Linny Hoo, imene agogowa adapekera mwana wawo wamkazi, idafalikira m'maiko ambiri kudzera pa TikTok. Mawu amene ndinkawamva ndili kamtsikana, lero ondibwezera anali mwana wanga yemwe! Ndidachita manyazi.

Kuyambira pamenepo tidapangana kuti Loweruka lililonse pochapa, iye azisankha nyimbo imodzi, inenso imodzi. Iye wandidziwitsa Driemo ndi Eli Njuchi. Ine ndamudziwitsa Miriam Makeba wa ku South Africa, Oliver Mtukudzi wa ku Zimbabwe, amene adatisiya mu 2019, ndiponso malemu Lucius Banda, amene tidamulira mu 2024. Zoonadi, mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Sindikunena kuti nyimbo iliyonse ndi yabwino. Zina mawu ake ndi olaula, zina n'zonyoza akazi. Koma mayi amene amvetsera kufikira kumapeto ndiye angathe kufunsa mwana wake kuti, "Kodi woimbayu akuti chiyani pamenepa?" Wongotseka wayilesi alibe poyambira kulangiza.

Tsono amayi, yesani izi sabata ino. Sunthani wayilesi yanu kuchoka pamene idazolowera. Pemphani mwana kapena mdzukulu akuikireni nyimbo imene amaikonda, ndipo musaweruze isanathe. Kenaka inunso mumuimbire yanu ya kale. Ngati chiuno chafuna kudzuka, mangani chitenje bwino, musachiletse.

Tsalani bwino, tidzachezanso sabata ya mawa.