Musabise kanthu kwa dokotala opaleshoni isanachitike

Mwanyamuka mbandakucha kuchokera ku Bangwe kapena ku Ndirande ndi mwana woti achitidwe opaleshoni ku chipatala cha Gulupu. Mwadikira pa benchi, kenaka dokotala akuti: lero sizitheka, mwanayu ali ndi chifuwa. Mtima umawawa, ndalama ya minibasi yapita. Koma ine ndikuti dokotala amene wakubwezaniyo mwina wapulumutsa mwana wanu.

Opaleshoni siyambira pa mpeni. Imayambira pa mafunso a wopereka mankhwala ogonetsa. Iye amafuna kudziwa ngati wodwala ali ndi BP, shuga, mphumu kapena khunyu, ngati amamwa ma ARV kapena mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga aspirin, ndiponso ngati iye kapena wachibale anavutikapo atagonetsedwa. Amayezanso kuchuluka kwa magazi ndi malungo. Mwana wa magazi ochepa akataya ngakhale pang'ono m'thiyeta, thupi limafooka msanga. Wa chifuwa njira za mpweya zimatha kutsekeka akagonetsedwa.

Vuto ndi lakuti ambirife timabisa. Mayi amene wamwa mwanamphepo amaopa kukalipidwa, ndiye amangoti sindinamwe kanthu. Bambo amabisa za mowa ndi fodya. Gogo amamvera chisoni mdzukulu wolira ndi njala, n'kumupatsa phala mobisa m'mawa wa opaleshoni. Phalalo ndi loopsa: munthu akagonetsedwa amatha kusanza, masanzi n'kulowa m'mapapo. N'chifukwa chake kawirikawiri amati chakudya chilekedwe maola 6 opaleshoni isanachitike, bere maola 4, madzi maola 2. Tsatirani nthawi imene achipatala akuuzani, ndipo ngati mwalakwitsa, nenani. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Nkhaniyi si yaing'ono. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu The Lancet mu 2018, wochokera m'mayiko 25 a mu Africa, anapeza kuti odwala a kuno ali pachiopsezo chomwalira pambuyo pa opaleshoni kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi dziko lonse, chonsecho ambiri mwa iwo ndi achicheperepo. Ku Blantyre tili ndi Mercy James Centre, yomwe inatsegulidwa mu 2017 kuti izichita maopaleshoni a ana, komanso Beit CURE ya mafupa. Koma nyumba yabwino ndi akatswiri sangathe kulosera zimene kholo labisa.

Ena anganene kuti achipatala nawo safotokoza, amangoti bwerani sabata ya mawa. Izi zimachitikadi, ndipo si bwino. Kholo liyenera kuuzidwa chifukwa chake, chochita kunyumba ndi tsiku lobwerera. Funsani mwaulemu koma musachoke musanamve. Musasainenso chikalata chovomereza opaleshoni musanamvetse chimene akukachita ndi mbali ya thupi imene akukang'amba.

Inu odzipereka pa zaumoyo m'madera a Zingwangwa, Chilomoni ndi Limbe, ntchito yanu ikuyamba wodwala asanakwere minibasi. Mukumbutseni kutenga buku lake la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, azitsamba omwe. Wosuta fodya asiyiretu masabata angapo tsiku lisanafike. Limbikitsaninso athanzi kupereka magazi ku Malawi Blood Transfusion Service, pakuti opaleshoni ina imaimitsidwa chifukwa chosowa magazi.

Dokotala akadzakufunsani kuti mwanayu wadya liti, yankhani zoona.