Gombe Lofatsa Linanditengera Nsapato

Ndinafika ku Saint-Jean-de-Luz, tauni ya ku France pafupi ndi malire a Spain, ndili ndi mantha ndi mafunde a Atlantic. Koma gombe lake kufatsa! Makoma atatu omangidwa m'nyanja, Socoa, Artha ndi Sainte-Barbe, amaswa mafunde asanafike pamchenga, moti ana amasewera ngati ali ku Senga Bay.

Ndiye ine, mwana wa ku Salima, ndinasiya nsapato m'mbali mwa madzi n'kukaona maboti a asodzi padoko. Pobwera ndinapeza zikuyandama. Nyanja yamchere imakwera kwa maola pafupifupi 6 n'kuphweranso, zomwe yathu sichita.

Makolo, mwana akamasewera pamchenga wouma musamuchotse diso. Madzi akubwera pomwepo.