Biology si njira ya ku udokotala yokha ayi

Nkhani iyi yakhala ikundidya mumtima kwa nthawi yaitali, ndiye lero ndiilankhula basi, wokwiya akwiye. M'sekondale zathu muli bodza limene talilera ngati mwana, loti wokhoza Biology ayenera kukhala dokotala, ndipo akapanda kukhala dokotala ndiye kuti walephera. Makolo amalikhulupirira. Aphunzitsi ena amalibwereza m'kalasi teremu ndi teremu. Mwana akasankhidwa kukachita digiri ya sayansi ya zamoyo ku Zomba, ku Bunda kapena ku Mzuzu m'malo mwa udokotala ku Blantyre, pakhomo pamakhala zii ngati pagwa maliro. "Ndiye adzakhala ndani? Mphunzitsi?" Amafunsa choncho pamaso pa ife aphunzitsi omwe. Zimenezo tidazolowera. Amene ndimamumvera chisoni ndi mwanayo, chifukwa amapita ku yunivesite mutu uli pansi, n'kutha zaka 4 akuphunzira ngati munthu wodikira basi ina pa siteji.

Amangwetu, tiyeni tikumbutsane zimene zatigwera m'dziko muno posachedwapa.

Mu Disembala 2017 boma lidalengeza kuti m'maboma 20 mwagwa tsoka chifukwa cha mbozi zimene zidadya chimanga. Kodi wodziwa kuti mboziyo imaikira mazira pati, imaswa pakapita masiku angati, ndipo mankhwala ake ndi ati, ndi dokotala wa kuchipatala? Matenda a chisaka adapululutsa nthochi ku Thyolo ndi ku Mulanje mpaka tidayamba kudya nthochi zochokera ku Tanzania, ife eni nthochi! Mbewu yopanda matenda yoti alimi abzalenso imachulukitsidwa mu labotale, ndipo wogwira ntchito imeneyo ndi munthu wa Biology. Mu 2020 nsomba za ku Mchinji zidayamba kutuluka zilonda. Kolera wa 2022 mpaka 2023 adapha anthu oposa 1,700. Madokotala ndi anamwino adagwira ntchito yotamandika, sindikutsutsa, koma iwo amakumana ndi kolera wodwala atafika kale pa bedi. Woyeza madzi a m'chitsime kuti aone ngati muli tizilombo ndi munthu wina, ndipo munthu ameneyo sitimutchula m'kalasi.

Ngakhale pa zaumoyo pomwepo, si onse ovala gauni yoyera amene ali madokotala. Mu Epulo 2019 dziko la Malawi lidakhala loyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana kudzera m'zipatala za boma. Katemera wa typhoid amene adafalitsidwa m'dziko lonse mu 2023 adayamba wayesedwa pa ana pafupifupi 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa. Kuseri kwa ntchito zoterezi kumakhala anthu oyeza magazi, olera tizilombo m'timbale, osunga ziwerengero, ena ogwira udzudzu usiku kuti aone ngati mankhwala a m'masikito akuuphabe. Mabungwe ngati Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre ndi UNC Project ku Lilongwe amadalira anthu otere. Mwana wa Fomu 4 amene adamvapo mayina amenewa ndi mmodzimmodzi.

Koma chimene chimandiwawa koposa ndi nyanja. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba mazanamazana imene sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi, ndipo n'chifukwa chake paki ya ku Cape Maclear idalowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Anthu amachoka ku Ulaya, ku America ndi ku Japan kudzasambira ndi mbuna, n'kubwerera kwawo ali madokotala a maphunziro. Ife eni nyanja, chambo timangochidziwira m'mbale, ndipo m'mbalemo chikusowa. Mwana wa ku Monkey Bay amakulira pafupi ndi malo a boma ofufuzira za nsomba, koma kusukulu timamuuza kuti nzeru zake zikagwire ntchito mu wodi basi. Chimodzimodzi mwana wa pafupi ndi Chitedze, Bvumbwe, Makoka kapena Lifuwu, kumene amafufuza za mbewu zimene makolo ake amalima. Ku Zomba kuli malo osungira zitsanzo za zomera za dziko lino ndiponso ofufuzira za nkhalango. Ku Mulanje amafufuza za tiyi. Ku Majete, kumene African Parks idayamba kuyang'anira mu 2003, nyama zimene zidatha zidabwezeretsedwa, ndipo pamafunika oziwerenga ndi kuzilondola.

Ndikudziwa zimene ena mukunena: "Aphunzitsi, zonsezo n'zokoma, koma ntchito zake zili kuti?" Funsolo ndi loona. Alipo ambiri a digiri imeneyi amene ali pakhomo. Malo m'boma satsegulidwa kawirikawiri, ndipo kafukufuku wambiri amayendera ndalama zakunja, moti boma la America litadula thandizo mu 2025, ntchito zambiri za zaumoyo zidagwedezeka. Koma taonani bwino. Mwana amene adalowa m'kalasi ya Biology akulira udokotala amatuluka ndi pepala lokha. Sadasankhe mbali, projekiti ya chaka chomaliza adangolemba kuti athane nayo, tchuthi chonse adakhala kunyumba. Pa intavyu akamufunsa chimene amatha kuchita ndi manja ake, amayamba kulakatula manotsi. Bodza lija ndi limene lamufikitsa pamenepo.

Kwa inu amene muli ku koleji panopa, sankhani mbali msanga, pofika chaka chachiwiri kapena chachitatu: nsomba, tizilombo, mbewu, nyama zakutchire, madzi. Pa tchuthi kapempheni malo ophunzirirapo ntchito ngakhale osalipidwa, ngati kwanu angakwanitse kukusungani. Masamu a ziwerengero musawathawe, ndipo pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa R ndi yaulere, iphunzireni. Dziwaninso kuti digiri ya Biology payokha sikupatsani chilolezo chogwira ntchito mu labotale ya chipatala. Kumeneko kumafunika maphunziro akeake ndi kulembetsa ku Medical Council of Malawi, ndiye musadzadabwe mutatha zaka 4. Pa kafukufuku, digiri yoyamba ndi chiyambi chabe. LUANAR ili ndi masters ya ulimi wa nsomba, KUHeS ili ndi ya umoyo wa anthu, ndipo kunja kuli thandizo la Commonwealth, DAAD ya ku Germany ndi Beit Trust, imene imathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha. Onsewa amayang'ana magiredi, ndiye kugona m'chaka choyamba chifukwa chokhumudwa kumadzakulipiritsani patsogolo.

Tsono kwa akuluakulu a sukulu. Tsiku lolangiza ana za ntchito likafika, timaitana dokotala, loya, wa ku banki ndi msilikali. Chaka ndi chaka anthu ake omwewo. Chaka chino itananiko mlangizi wa za nsomba, kapena mayi woyeza madzi ku Water Board, abwere ndi mabotolo ake ana awaone. Ndipo maikulosikopu imene mudaitsekera m'kabati ya ahedi poopa kuti ana aiwononga, itulutseni.