Mmisiri Wacilendo wa Maloko

Kuno ku Chibolya tonse tidziwa kuti citseko cikathyoledwa usiku, m'mawa timaitana mmisiri. Akatha nchito sitifulumira kumlipira. Timayamba tacigwedeza citsekoco monga acitira wakuba, pambuyo pake tiyesa kiyi wathu. Pakuti mmisiri wina angathe kungocikhomerera ndi misomali: mbala siilowa, inde, koma mwini nyumba nayenso agona pabwalo.

Masiku ano ndalama zathu zambiri zigona m'foni, ndipo mapulogalamu ozisunga ali ndi ming'alu yaoyao. Mu May 2022 akuba a pa intaneti ochedwa Hive analowa m'makompyuta a Bank of Zambia, nasokoneza zina mwa nchito zake. Ngati nkhokwe ya dziko lonse ibooledwa, nanji kathumba ka mai wogulitsa tomato pa msika wa Soweto?

Tsono kwafika mmisiri wacilendo: makina ophunzitsidwa ndi zolemba zosawerengeka, a mtundu umodzi ndi ChatGPT, amene eni ake ati adziwa kutseka ming'alu yotere. Bungwe la boma la America lochedwa DARPA linafuna kuona ndi maso, ndipo linakonza mpikisano umene unatha mu August 2025 ku Las Vegas. Magulu 7 anapatsidwa mapulogalamu amene oweruza anabisamo ming'alu mwadala. Cigamba ciliconse cinayesedwa monga tiyesera citseko cathu: kodi wakuba akabwereranso njira yomweyo alephera? Nanga pulogalamu igwirabe nchito yake ya masiku onse? Makina anapeza ming'alu 54, natseka 43. Anatulukiranso ina 18 yeniyeni imene oweruza sanaikemo. Gulu la Team Atlanta linapambana, nililandira madola 4 miliyoni.

Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. N'zoona, koma tiwerenge bwino: ming'alu 11 inaoneka, osatsekedwa. Kalumo ka mlendo sitimetera mwana tisanakayese, ndipo cigamba ca makina ciyenera kuyamba capita m'manja mwa munthu wodziwa nchitoyo.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Foni ikapempha update, kawirikawiri ndi cigamba cotere cafika pakhomo. Tisacikane cifukwa coumira bandulo. Ndipo PIN tisauze munthu, ngakhale woimba foni alankhule mokoma cotani. Palibe mmisiri, wa nyundo kapena wa kompyuta, angateteze nyumba imene mwini wake wapereka yekha kiyi.