MWANA WAMKAZI NAYE NDI MLOWAM'MALO

Angerezi ali ndi mawu awiri, ena a mwamuna wolandira chuma cha masiye, ena a mkazi. Chichewa chathu chili ndi mawu amodzi okha: mlowam'malo, kutanthauza munthu wolowa m'malo mwa amene watisiya. Mawuwa sasankha mwamuna kapena mkazi, ndipo makolo athu sadalakwitse. Pakati pa Achewa mtundu umayenda kuchikazi, ndipo minda ya pamudzi imasungidwa ndi mbumba.

Nanga n'chifukwa chiyani ena akamva mawuwa amaganiza za mwana wamwamuna yekha? Maganizo otere ndiwo amatuma achibale kusesa katundu maliro asanathe, mkazi wamasiye ndi ana aakazi n'kutsala padzuwa. Enanso amasokoneza dala kulowa m'malo ndi kulowa chokolo, ngati kuti mkazi naye ndi katundu wogawana.

Lamulo la chuma cha masiye la 2011 lidaneneratu kuti kulanda chuma chotere ndi mlandu. Choncho tikupempha mafumu, atsogoleri a m'madera ndi onse ogwira ntchito m'maofesi a Boma kuti polemba alowam'malo, dzina la mwana wamkazi lisasiyidwe. Chilankhulo chathu chidamuwerengera kale, ofesi isamuchotse.